Masewera Ochepa Olimbitsa Thupi Lonse

Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa m'chaka cha 2020 amanena kuti munthu wamkulu aliyense azichita masewera othamangitsa mtima kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiponso kuti kwa masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata azichita masewera olimbitsa magulu onse akuluakulu a minofu ya m'thupi. Gawo loyamba la malangizowa ndi losavuta kulitsatira, chifukwa kuyenda ndawala, kupalasa njinga ndi kuthamanga ndi zinthu zodziwika kwa aliyense, koma gawo lachiwiri limasiya funso lovuta, pakuti thupi la munthu lili ndi minofu yoposa 600, ndipo wantchito amene amachoka pakhomo m'mamawa n'kubwerako dzuwa litalowa sangapeze nthawi yoti mnofu uliwonse aupatse masewera akeake. Yankho limene kafukufuku wa zaka zaposachedwa watsimikizira, lomwe onyamula zitsulo akale analipeza paokha, ndi lakuti pali masewera ochepa, osakwana n'khumi omwe, amene amagwiritsa ntchito minofu yambiri nthawi imodzi, ndipo amenewa ndi amene ayenera kutenga gawo lalikulu la nthawi imene munthu ali nayo.

Mawu akuti mfundo, pa nkhani ya thupi, amatanthauza malo amene mafupa amakumana n'kumatha kupindika kapena kuzungulira, monga bondo, chigongono, kakolo, phewa ndi polumikizira mwendo ku chiuno. Mnofu sukankha, ntchito yake ndi kukoka basi: umamangirira ku mafupa a mbali ziwiri za mfundo, ndipo ukafupika umakoka fupa limodzi kuti lisendere, motero mfundoyo imapindika kapena kuwongoka. Akatswiri amagawa masewera olimbitsa minofu m'magulu awiri potengera kuchuluka kwa mfundo zimene zikuyenda. Munthu akaima n'kumapinda mkono atagwira chitsulo kuti katumba akule, chigongono chokha ndi chimene chikuyenda, ndipo amenewo ndi masewera a mfundo imodzi. Koma akasenza chitsulo pamapewa n'kunyonyomala kenako n'kudzuka, chiuno, mawondo ndi akakolo zimapindika ndi kuwongoka pamodzi, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, ya matako ndi ya mkati mwa ntchafu imagawana katunduyo, pamene ya kumsana ndi ya pamimba imauma gwa kuti thunthu la munthuyo lisapindike. Amenewa ndi masewera a mfundo zingapo, amene m'mabuku a Chingerezi amatchedwa compound exercises.

Mayina a masewerawa afala m'majimu a padziko lonse m'Chingerezi, koma zimene akutanthauza ndi zinthu zimene thupi limachita tsiku ndi tsiku. Squat ndi kunyonyomala ndi kudzuka kumene kwafotokozedwa kale, ndipo munthu amachita zimenezi nthawi iliyonse akamadzuka pampando, pamkeka kapena pambali pa mbaula. Deadlift ndi kudzutsa chitsulo chimene chili pansi mpaka munthu ataima chilili, pokankhira chiuno kumbuyo ndi kuwerama msana uli wowongoka, ndipo sikusiyana kwenikweni ndi kudzutsa thumba la chimanga la makilogalamu 50 kuti likwere pangolo. Pali masewera okankha, amene odziwika kwambiri ndi bench press, pamene munthu amagona chagada pabenchi n'kumakankha chitsulo kuchoka pachifuwa, mapushapu amene amagwira minofu yomweyo popanda chida chilichonse, ndi overhead press, kumene ndi kukankhira katundu pamwamba pa mutu monga amachitira munthu wosenzetsa mnzake ndowa ya madzi. Pali masewera okoka, omwe ndi pull-up, kulendewera pa chitsulo chopingasa n'kudzikoka mpaka chibwano chitafika pamwamba pake, ndi row, kuwerama n'kukokera katundu kumimba monga wotunga madzi pachitsime chakuya.

Phindu loyamba la masewerawa ndi la masamu chabe. Kulimbitsa minofu kumachitika m'maseti, ndipo seti ndi kunyamula katundu mobwerezabwereza, mwina maulendo 5, 10 kapena 15 mosalekeza, kenako munthu amapuma mphindi imodzi, ziwiri kapena zitatu asanayambe seti ina, moti nthawi yambiri ya m'jimu imathera pa kupumako. Munthu wofuna kulimbitsa chifuwa, kutsogolo kwa mapewa ndi kumbuyo kwa mikono, chilichonse pachokha, afunika mitundu itatu ya masewera, ndipo mtundu uliwonse akaupatsa maseti atatu ndiye kuti achita maseti 9 ndi kupumanso kambirimbiri, pamene bench press imagwira minofu itatu yonseyo pa seti iliyonse, ngakhale kuti siyiitopetsa mofanana ndendende. Masamu omwewa akachitidwa pa miyendo ndi pamsana, ntchito ya ola limodzi ndi theka ikhoza kutsika kufika pa mphindi 40 kapena 45, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti wina apitirize kwa zaka pamene mnzake amagwa ulesi mwezi usanathe.

M'chaka cha 2021 akatswiri atatu a ku Norway, Vegard Iversen, Martin Norum ndi Marius Fimland, pamodzi ndi Brad Schoenfeld wa ku New York, anasanthula kafukufuku wambiri wa nkhaniyi n'kulemba zimene anapeza m'magazini ya sayansi ya Sports Medicine, ndipo funso lawo linali lakuti munthu wosowa nthawi achite chiyani. Iwo analangiza kuti munthu wotere aike patsogolo masewera a mfundo zingapo, ndipo asankhe mtundu umodzi wokankha ndi miyendo monga squat, umodzi wokankha ndi mikono ndi umodzi wokoka ndi mikono, gulu lililonse la minofu lipatsidwe maseti osachepera anayi pa sabata, ndi katundu woti munthu angamunyamule maulendo 6 mpaka 15 mphamvu zisanamuthere. Anaonjezanso kuti nthawi yotenthetsa thupi ikhoza kufupikitsidwa pongoyamba masewera omwewo ndi katundu wopepuka, ndipo kudziwongola kwa nthawi yaitali n'kofunika makamaka kwa amene cholinga chawo ndi kufewetsa thupi. Mlingo umenewu ndi woyambira, ndipo wofuna minofu ikuluikulu adzafunika maseti ochulukirapo, koma kwa anthu ambiri ofuna mphamvu ndi thanzi ndi wokwanira kubweretsa kusintha kooneka.

Anyamata ambiri oyamba kunyamula zitsulo amaopa kuti akasiya kupinda mkono ndi chitsulo akatumba awo sakula, ndipo mantha amenewa anayesedwa ku Brazil, kumene Paulo Gentil ndi anzake, m'kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2013, anagawa anyamata osazolowera zitsulo m'magulu awiri kwa masabata 10. Gulu lina linkachita masewera awiri okha a mfundo zingapo, okankha ndi okoka, pamene linalo linkaonjezera masewera apadera opinda ndi owongola chigongono, ndipo pamapeto pake kukula ndi mphamvu za mikono sizinasiyane pakati pa magulu awiriwo. Ku Italy, Antonio Paoli wa pa yunivesite ya Padua anayerekeza mitundu iwiriyi m'chaka cha 2017 kwa masabata 8, ntchito yonse yonyamulidwa ili yofanana, ndipo anapeza kuti ngakhale kuchepa kwa mafuta ndi kukula kwa minofu kunali kofanana, amene ankachita masewera a mfundo zingapo anapindula kwambiri pa mphamvu komanso pa kuchuluka kwa mpweya wa okosijeni umene thupi limatha kugwiritsa ntchito likakhala pa ntchito yolemetsa. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona, pakuti minofu yambiri ikamagwira ntchito pamodzi mtima ndi mapapo zimakakamizika kuitumikira yonse nthawi imodzi.

Pali phindu lina limene galasi silionetsa. Mphamvu ya munthu simadalira kukula kwa mnofu kokha, imadaliranso luso la ubongo potumiza uthenga kudzera m'mitsempha kuti tizigawo tambiri ta mnofu tikoke pamodzi, kuti minofu yothandizana iyambe pa nthawi yoyenera, ndiponso kuti minofu yotsutsana nayo ileke kukokera kwina. N'chifukwa chake woyamba kumene amapeza kuti m'masabata oyambirira katundu amene amanyamula akuwonjezeka msanga ngakhale thupi lake silinasinthe maonekedwe, ndipo Toshio Moritani ndi Herbert deVries anasonyeza zimenezi m'chaka cha 1979. Luso limeneli limaphunziridwa pa kayendedwe kenikeni kamene munthu akubwereza, moti amene walimbitsa ntchafu atakhala pa makina owongola bondo sanaphunzitse thupi lake kudzuka ndi katundu pamapewa, pamene amene wazolowera squat waphunzitsa miyendo, chiuno ndi msana kugwirizana monga zimafunikira pokwera phiri, pokankha wilibala kapena ponyamula wodwala. Mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga umafotokoza bwino mmene minofu imagwirira ntchito pa katundu weniweni, chifukwa palibe ntchito yolemetsa ya pamoyo imene mnofu umodzi umaigwira wokha.

Mbiri ya masewerawa imasonyeza kuti ndi akale, ndipo makina a mfundo imodzi anafala pambuyo pake. Kunyamula zitsulo kunalipo pa mpikisano woyamba wa Olympics wa makono ku Athens m'chaka cha 1896, ndipo mitundu iwiri imene yatsala pa mpikisanowu kuyambira pamene wachitatu unachotsedwa pambuyo pa chaka cha 1972, yotchedwa snatch ndi clean and jerk, yonse ndi yodzutsa chitsulo kuchokera pansi mpaka pamwamba pa mutu ndi thupi lonse. Squat yolemera inatchuka ku America m'zaka za m'ma 1920 chifukwa cha Henry Steinborn wa ku Germany, amene, posowa choikapo chitsulo, ankachiimika mbali imodzi n'kuchigwetsera pamapewa ali chinyonyomalire. Mpikisano wa powerlifting, umene bungwe lake la padziko lonse linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, umayesa squat, bench press ndi deadlift zokha. Makina okhala ndi mipando ndi zingwe, amene ambiri mwa iwo amagwira mnofu umodzi, anadzaza majimu makamaka pambuyo pa chaka cha 1970, pamene Arthur Jones anayamba kugulitsa makina ake a Nautilus, ndipo anakopa anthu chifukwa safuna kuphunzira kwambiri. Komabe m'chaka cha 1976 Bill Starr, mphunzitsi wa osewera mpira wa ku America, analemba buku la The Strongest Shall Survive limene linamanga dongosolo lonse pa masewera atatu okha ndi maseti asanu a maulendo asanu, ndipo madongosolo ambiri a oyamba kumene masiku ano akutsatirabe maganizo amenewo.

Zina zimene zimanenedwa poyamikira kapena podzudzula masewerawa sizinapirire kafukufuku, ndipo owerenga ayenera kuzidziwa. M'chaka cha 1961 Karl Klein wa pa yunivesite ya Texas analemba kuti kunyonyomala mpaka pansi ndi katundu kumafooketsa mitsempha yomanga bondo, ndipo kwa zaka zambiri aphunzitsi a masewera ndi madokotala ku America ankaletsa squat yozama, koma ofufuza a pambuyo pake, pogwiritsa ntchito zida zoyezera zodalirika, sanapeze kufooka kumeneko mwa anthu a mawondo abwinobwino. Kumbali inayo, m'majimu mumamveka kawirikawiri kuti squat ndi deadlift zimakuza thupi lonse chifukwa zimatulutsa mahomoni ambiri okulitsa minofu. N'zoona kuti mahomoniwo amakwera kwa kanthawi kochepa munthu akamaliza masewera olemetsa a miyendo, koma Daniel West ndi Stuart Phillips a pa yunivesite ya McMaster ku Canada anayesa nkhaniyi m'chaka cha 2010 polimbitsa mkono umodzi wa munthu pa tsiku limene mahomoni akwezedwa ndi masewera a miyendo, mkono winawo pa tsiku lopanda zimenezo, ndipo patatha masabata 15 mikono iwiriyo inali itakula mofanana. Mnofu umakula chifukwa cha katundu amene iwo weniweniwo wakoka, ndipo ubwino wa masewera a mfundo zingapo ndi wakuti amapereka katundu ameneyo ku minofu yambiri pa nthawi yochepa, popanda chinsinsi china.

Lamulo lomweli ndi limene limasonyeza malire a masewerawa, chifukwa mnofu umene sunakoke mokwanira sukula, ngakhale utakhala pa mwendo umene ukuyenda. Chitsanzo chodziwika ndi minofu ya kumbuyo kwa ntchafu, imene imadutsa mfundo ziwiri, chiuno ndi bondo, ndipo munthu akamadzuka pa squat imafupika ku chiuno kwinaku ikutalika ku bondo, moti kutalika kwake sikusintha kwenikweni ndipo ntchito yake imachepa. Keitaro Kubo ndi anzake a ku Tokyo anayeza minofu ya amuna ochita squat kwa masabata 10 m'kafukufuku wa m'chaka cha 2019, ndipo anapeza kuti minofu ya kutsogolo kwa ntchafu inakula, ya matako ndi ya mkati mwa ntchafu inakula kwambiri mwa amene ankatsika mpaka pansi kuposa amene ankalekezera pakati, koma ya kumbuyo kwa ntchafu sinasinthe. Deadlift imathandiza kutseka mpata umenewu, koma kwa osewera mpira wa miyendo, amene mnofu umenewu umawang'ambikira kawirikawiri pothamanga, masewera a mfundo imodzi otchedwa Nordic hamstring, pamene munthu amagwada mnzake atamugwira akakolo n'kumadzitsitsa chakutsogolo pang'onopang'ono, ndi ofunika kwambiri. Pa kafukufuku wa osewera 942 a ku Denmark wa m'chaka cha 2011, gulu lochita masewerawa linavulala mnofuwu maulendo 15 pamene gulu linalo linavulala maulendo 52. Akatumba a kumiyendo ndi minofu ya m'mbali mwa mapewa nayonso imatsalira, ndipo munthu amene akuchira pambuyo povulala nthawi zambiri amafunika kulimbitsa mnofu umodzi paokha, chifukwa pa masewera a mfundo zingapo minofu yamphamvu imalanda ntchito ya wofookawo. Masewera a mfundo imodzi ali ndi malo awo, koma malowo ndi a kumapeto, nthawi ikatsalako.

Ambiri amaona kunyamula zitsulo ngati nkhani ya anyamata ofuna zifuwa zotambalala, ndipo maganizo amenewa amamana phindu anthu amene akulifuna kwambiri, omwe ndi amayi ndi achikulire. Munthu akamakalamba minofu yake imachepa ndipo mafupa amafooka, makamaka mwa amayi amene anasiya kusamba, ndipo kulephera kudzuka pampando popanda kugwirira ndi chimodzi mwa zizindikiro zakuti munthu wayamba kudalira ena. Fupa limalimba likamapanikizidwa ndi katundu, ndipo masewera oimirira a mfundo zingapo amapanikiza msana ndi chiuno, amene ndi malo othyoka kawirikawiri mu ukalamba. Pa yunivesite ya Griffith ku Australia, gulu la Belinda Beck linachita kafukufuku wotchedwa LIFTMOR pa amayi 101 osiya kusamba a mafupa ofooka, ndipo theka la iwo linkachita deadlift, squat ndi overhead press ndi katundu wolemera, pamodzi ndi kudumpha, kawiri pa sabata kwa mphindi 30 moyang'aniridwa ndi akatswiri. Patatha miyezi 8 kulimba kwa mafupa a m'munsi mwa msana kunakwera ndi maperesenti 2.9, pamene mwa amene ankachita masewera opepuka kunyumba kunatsika ndi maperesenti 1.2. Ola limodzi pa sabata ndi limene linabweretsa kusiyana kumeneku, koma mawu akuti moyang'aniridwa sayenera kudumphidwa powerenga.

Mtengo wa masewera a mfundo zingapo ndi wakuti ayenera kuphunziridwa, ndipo apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Lamulo lalikulu pa deadlift, ndiponso pa kunyamula chilichonse cholemera kuchokera pansi, ndi lakuti katundu akhale pafupi ndi thupi, chifukwa mphamvu imene msana ndi chiuno zimafunika kutulutsa imakula molingana ndi mtunda wa pakati pa katunduyo ndi mfundo. Thumba limene lanyamulidwa manja atatambasuka limalemetsa msana kuposa thumba lomwelo litakumbatiridwa pachifuwa, ngakhale sikelo ingaonetse kulemera kofanana. Chitsulo chiziyamba chili pamwamba pa pakati pa phazi, chizikwera chikukhudza misongolo ndi ntchafu, ndipo kuwerama kuzichokera m'chiuno, msana usakhote ngati uta katundu ali m'manja. Pa squat zidendene zisachoke pansi, mawondo azitsata kumene zala za kumapazi zaloza m'malo mogwera mkati, ndipo munthu azitsika kufika pamene angathe popanda msana kupindika, chifukwa kutalika kwa mafupa ndi kapangidwe ka chiuno zimasiyana pakati pa anthu, moti palibe kaimidwe kamodzi koyenera onse. Pa masewera okankha zigongono zisatambasukire m'mbali mopitirira, pofuna kuteteza mapewa. Masabata awiri kapena atatu oyamba ndi bwino kuwathera pa katundu wopepuka, ngakhale ndodo chabe, pamaso pa munthu wodziwa, chifukwa chizolowezi cholakwika chimene thupi laphunzira ndi chitsulo chopepuka limapita nacho ku chitsulo cholemera.

Chenjezo lina ndi la kuthamanga kwa magazi. Munthu akamadzutsa katundu wolemera amagwira mpweya mosazindikira n'kuumitsa mimba, zimene zimathandiza kuchirikiza msana koma zimakwezanso mphamvu ya magazi m'mitsempha kwa masekondi angapo. Duncan MacDougall ndi anzake a ku McMaster anayeza zimenezi m'chaka cha 1985 mwa akatswiri onyamula zitsulo, ndipo pa masewera okankha ndi miyendo yonse iwiri anapeza pafupifupi 320/250, mmodzi n'kufika pa 480/350, pamene mlingo wa munthu wopuma umakhala cha m'ma 120/80. Thupi lathanzi limapirira kukwera kwa kanthawi kotere, koma nkhaniyi ndi yofunika kuiganizira kumene matenda a BP ndi ofala, monga ku Malawi, kumene kafukufuku wa STEPS wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Munthu wa zaka zopitirira 40, kapena amene ali ndi matenda a mtima, a shuga kapena a BP, ayambe wakayezetsa kuchipatala, agwiritse ntchito katundu wocheperako, ndipo azitulutsa mpweya pokankha m'malo moutsekera m'chifuwa.

Masewera abwino okha sakwanira ngati katundu sakuwonjezeka, chifukwa thupi limazolowera zimene lapatsidwa n'kuleka kusintha. Agiriki akale ankasimba za Milo wa ku Croton, katswiri wa kulimbana, kuti ankasenza mwana wa ng'ombe tsiku lililonse mpaka atakula kukhala nkhunzi, ndipo ngakhale imeneyi ndi nthano, phunziro lake linalowa m'zachipatala kudzera mwa Thomas DeLorme, dokotala wa asilikali a America, amene m'chaka cha 1945 anasonyeza kuti asilikali ovulala amachira msanga akamanyamula katundu wolemera wowonjezeka pang'onopang'ono, ndipo m'chaka cha 1948, pamodzi ndi Arthur Watkins, anakhazikitsa dongosolo la maseti atatu a maulendo 10 limene likugwiritsidwabe ntchito. Masewera a mfundo zingapo amayenerana bwino ndi lamulo la kuonjezera katunduli, chifukwa pa katundu wa makilogalamu 60 kuonjeza awiri ndi theka ndi sitepe yaing'ono imene thupi lingalandire sabata ndi sabata, pamene pa kachitsulo ka makilogalamu 8 ka mkono umodzi kuonjeza komweko ndi kudumpha kwakukulu.

Pokonza dongosolo la tsiku, masewera olemetsa ndi ofuna luso, monga squat ndi deadlift, amayamba munthu adakali ndi mphamvu, popeza kutopa kumasokoneza kaimidwe. Kupuma pakati pa maseti kusafupikitsidwe mopitirira pofuna kusunga nthawi, chifukwa Schoenfeld anapeza m'chaka cha 2016 kuti amuna ozolowera zitsulo amene ankapuma mphindi zitatu anapindula kwambiri pa mphamvu ndi pa kukula kwa minofu kuposa amene ankapuma mphindi imodzi. Njira yosungira nthawi popanda kutaya phindu limeneli ndi kusinthanitsa masewera awiri osalimbirana minofu, monga seti ya bench press kutsatiridwa ndi seti ya row, kuti minofu yokankha izipuma pamene yokoka ikugwira ntchito. Motero munthu akhoza kuchita squat, bench press ndi row Lolemba, kenako deadlift, overhead press ndi pull-up Lachinayi, maseti atatu pa mtundu uliwonse, ndipo masiku a pakatiwo ndi amene minofu imadzimanga, malinga ngati munthuyo akugona mokwanira ndi kudya zakudya zomanga thupi monga usipa, nyemba, mazira, soya ndi mtedza.

Mlimi, wakabaza ndi wonyamula katundu mumsika amagwiritsa ntchito mfundo zingapo tsiku lonse ndipo ambiri ndi amphamvu ndithu, koma ntchito yawo imabwereza kayendedwe kamodzi kwa maola ambiri thupi litatopa, katundu sasankhidwa molingana ndi mphamvu zawo, ndipo mpumulo sulipo. Chimene angatengepo pa nkhaniyi makamaka ndi kanyamulidwe koteteza msana. Amene akufunika masewerawa mwachangu ndi a m'maofesi, oyendetsa galimoto ndi ogulitsa m'mashopu, amene amakhala pansi tsiku lonse, ndipo iwowa sayenera kudikira ndalama za jimu. Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 20, mofanana ndi ndodo yachitsulo ya amuna ya pa mpikisano, ndipo chikakumbatiridwa pachifuwa chimakwanira squat, pamene ziwiri zonyamulidwa m'manja zimakwanira deadlift ndi kuyenda nazo. Nthambi yolimba ya mtengo ikhoza kukhala ya pull-up. Zitsulo zopanga okha, za simenti yothiridwa m'zitini kapena za zidutswa za galimoto zowotcherera, zimene zimapezeka kuseri kwa nyumba zambiri m'matauni, zimagwira ntchito bwino, koma zili ndi zovuta ziwiri zofunika kuzikonza, pakuti mbali ziwiri za chitsulo nthawi zambiri sizilemera mofanana, ndipo mwini wake sadziwa kulemera kwenikweni kwa zimene akunyamula. Ndi bwino kuziyeza pa sikelo ya wogula mbewu n'kulemba kulemera kwake ndi penti pa chilichonse, kusunga kope lolembamo katundu ndi maulendo a tsiku lililonse, ndiponso kusagona pansi pa chitsulo cha bench press popanda mnzake woima kumutu amene angachigwire mphamvu zikatha. Kumene kulibe tizimbale ting'onoting'ono toonjezera, mabotolo awiri a madzi a lita imodzi omangidwa bwino mbali zonse ziwiri amaonjeza makilogalamu awiri, ndipo amangidwe pokhapokha maseti onse a sabata yapitayo atatheka ndi kaimidwe koyenera.